Wabatizidwa ali pa rimandi: ndizitchule popempha kuti chilango chichepe?

Loya wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu amene ndikumuyimira wapezeka wolakwa pa mlandu woba ndalama za kuntchito, ndipo chatsala n'kupempha khoti kuti limumvere chisoni. Ali pa rimandi anatembenuka mtima n'kubatizidwa. Abusa amene amalalikira kundendeko alemba kalata yoti ndi munthu watsopano, ndipo abale ake akufuna kalatayo ikhale patsogolo. Ine mtima ukukayika. Ndiipereke?

Woyimira boma pamilandu: Achimwene, mukaipereka momwe ililimo, wa boma adzafunsa chimodzi: bwanji anaukana mlandu mpaka mboni zonse kutha? Komanso taganizirani anthu awiri olakwa mofanana, wina wabatizidwa, wina sapemphera koma wasinthadi. Wachiwiriyo akhalitse m'ndende chifukwa alibe mpingo? Khoti likayamba kutero, akaidi adzaona ubatizo ngati khomo lotulukira, ndipo otembenuka moona nawonso sadzakhulupiriridwanso.

Loya wamkulu: Ndikugwirizana nanu bambo, ngakhale nkhaniyi imandipweteka. Karla Faye Tucker anapha nawo anthu awiri ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America, mu 1983, n'kutembenuka ali m'ndende. Papa John Paul II anamupemphera chifundo, alaliki otchuka nawonso. Boma la Texas linamuphabe mu 1998, ndipo George W. Bush, amene anali bwanamkubwa, ananena kuti zoweruza mtima wa munthu n'zosiyira Wamkulu woposa iye. Kelly Gissendaner, amene anaweruzidwa kuti aphedwe ku Georgia, ku America komweko, anaphunzira za umulungu ali m'ndende, Papa Francis anamupemphera chifundo, koma anaphedwa mu 2015. Ine ndimakhulupirira kuti amayi awiriwa anasinthadi. Vuto n'lakuti woweruza alibe sikelo yoyezera chikhulupiriro. Chimene angayeze ndi zochita. Kalata ya abusayo ikunena kuti wachita chiyani, kapena ikungonena kuti amaimba bwino mu kwaya?

Loya wofunsa: Amayi, mwalasa. Ikungokamba za mapemphero ndi kusala kudya. Koma sabata yatha anandiuza kuti tsopano akuvomera kuti anabadi, ndipo akufuna agulitse galimoto yake abweze gawo la ndalamazo.

Loya wina: Ndiye nkhani yanu ndi imeneyo! Koma ine sindikufuna muchibise chikhulupirirocho ngati chochititsa manyazi. Charles Colson, mlangizi wa Pulezidenti Nixon wa ku America amene anakhudzidwa ndi mlandu wandale wa Watergate, anatembenuka mu 1973, mu 1974 anavomera yekha mlandu n'kukalowa m'ndende, ndipo atatuluka anayambitsa Prison Fellowship, bungwe lachikhristu lotumikira akaidi, mu 1976. Anthu anamukhulupirira chifukwa kutembenukako kunamutayitsa kanthu. Wanuyo anene poyera chimene chamusintha, bola umboni ukhale kubwezako.

Woyimira boma pamilandu: Ndalamazo zifike kwa wodandaula tsiku la chigamulo lisanakwane, ndi risiti. Lonjezo la pakamwa ine ndimalitsutsa. Ndipo musayembekezere zambiri, kuvomera mochedwa sikulemera ngati kuvomera pachiyambi. Muwauziretu abalewo.

Loya wofunsa: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kuvomera kwake ndi kubweza, kenako lipoti la oyang'anira ndende la khalidwe lake, komanso zoti aka n'koyamba kulakwa. Abusa ndiwapempha alembenso kalata, anene zimene aona ndi maso, ndipo akhale okonzeka kufunsidwa mafunso m'khoti.

Loya wamkulu: Musanalembe zoti wavomera, khalani naye pansi. Adziwe kuti akavomera pamaso pa khoti, apilo yokana mlandu ikhala yovuta kwambiri.