Mabuleki a pa limu kapena a disiki: ndisankhe ati?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndikufuna kugula njinga yakapalasa yopitira kuntchito, koma njira yanga ili ndi chitsetse chachitali chimene chimadzaza matope nthawi ya dzinja. Wogulitsa akundilimbikitsa kutenga ya mabuleki a disiki ngakhale kuti ndi yokwera mtengo. Kodi mabuleki amenewa amaposadi a marabala ogwira pa limu mpaka munthu n'kuwonjezerapo ndalama?

Wokonza njinga:
Aphunzitsi, pa njira ngati yanuyo disiki ndi yabwino. Limu ili pafupi ndi nthaka, choncho imatola madzi ndi matope, ndipo mukafinya buleki marabala amayamba apukuta madziwo kaye asanagwire, makamaka ngati limuyo ndi yachitsulo chonyezimira chija. Mchenga wokanirira m'marabala umapala limu pang'onopang'ono mpaka khoma lake kupyapyala, ndipo tsiku lina limang'ambika mutangopopa tayala. Disiki, kambale kachitsulo kamene buleki imapana, imakhala pakati pa gudumu, pa habu, kutali ndi matope, ndipo imagwirabe bwino ngakhale sipoko itaduka limu n'kupindika pang'ono. Madisiki ambiri amakhala a mamilimita 160 m'mimba mwake, koma ngati mumanyamula katundu funani ya 180 kutsogolo, chifukwa disiki yaikulu imagwira mwamphamvu komanso sichedwa kuzizira.

Wakabaza:
Zimene anena amisiriwa ndi zoona, komabe ganizirani za zipangizo. Marabala ndimawapeza pamsika uliwonse, ndipo ndimawasintha ndekha ndi sipanala imodzi pansi pa mtengo wa mango pamene ndikudikira makasitomala. Mapadi, tizidutswa timene timapana disiki, ali ndi maonekedwe osiyanasiyana malinga ndi kampani, moti akatha muli kumudzi njinga ikhoza kukhala pakhonde mpaka mutapita m'tauni. Disiki imapindikanso msanga njinga ikaponyedwa pa lole pamodzi ndi matumba a chimanga.

Wokonza njinga:
Mfundo imeneyo ndi yomveka, n'chifukwa chake ndikulangiza disiki yokokedwa ndi waya, osati yoyendera mafuta. Waya akaduka mmisiri aliyense amusintha, pamene ya mafuta imafuna zida zochotsera mpweya m'paipi ndiponso mafuta oyenera. Mabuleki oyendera mafuta a kampani ya Shimano, mwachitsanzo, amawonongeka mukathiramo mafuta a mabuleki a galimoto. Pogula njingayo mugulirenso mapadi apadera, ndipo pothira oyilo pa tcheni musalole ngakhale dontho kugwera pa disiki, chifukwa mapadi akamwa oyilo amalira ndipo sagwiranso.