Ndabwerako ku ulendo koma mtima watsalira ku Stone Town, zimatha izi?

Chikwama_Kumsana:
Abale ndithandizeni maganizo. Patha miyezi iwiri chibwerereni koma mtima wanga sunafikebe kuno. Ndinanyamuka ndekha ndi chikwama chimodzi kumsana, basi mpaka Karonga, kuwoloka pa Songwe, minibasi mpaka Mbeya kenako sitima ya TAZARA kukatsikira ku Dar es Salaam. Ku Dar ndinangogona kawiri nkukwera boti la ku Zanzibar, maola awiri pamadzi. Pulani inali yoti ku Stone Town ndikhale masiku atatu kenako ndizipita kumchenga ku Nungwi, koma ndinakhala masiku 11 ndipo ku Nungwiko sindinapondeko nkomwe.

Tinjira take ntopanikizika moti galimoto silowa, umangomva belu la njinga kumbuyo nkudzikanikiza kukhoma. Mmawa uliwonse ndimapita pa Jaws Corner pomwe madala amakhala pa tizikhonde tasimenti tija amati baraza, khofi wakuda wowawa mtikapu topanda chogwirira, kashata wa mtedza pambali. Chiswahili changa chimathera pa habari ndi asante koma tsiku lina ine ndi dala wina tinayamba kufananitsa mawu, moto ndi moto, nyama ndi nyama, mbuzi, nyumba, iwo mvua ife mvula, iwo kuku ife nkhuku, anaseka mpaka kundigwira dzanja osalisiya ndipo kuyambira tsiku limenelo amandisungira malo pakhondepo. Madzulo ku Forodhani, paki ya mphepete mwa nyanja, anyamata akudumphira mnyanja kuchokera pachipupa, matebulo a zakudya akuyalidwa, ine ndi mbale ya supu wotchedwa urojo ndi madzi a nzimbe ofinya pomwepo othira jinja ndi ndimu, azimayi ndi ana akungoyendayenda mpaka usiku.

Pano ikangokwana 6 koloko aliyense akuthamangira minibasi, ndikafika kwathu ku Area 25 nkutseka geti basi tsiku latha. Sindikunyoza kwathu ayi, koma ndikamva azana ya pamzikiti mbandakucha ndimayamba ndaganiza kuti ndili kuja. Inu munayendapo, zimatha zokha kapena ndiyambe kusunga ndalama ndibwerere?

MaiWaTiyi:
Achimwene zimenezo ndikuzidziwa bwino, kwa ine unali Maputo. Ndinakhalako masabata awiri, mmawa buledi wotentha uja amati pão ndi badjia (tizitumbuwa ta nyemba) pamsewu, masana kukhala pa siteshoni ya sitima yakale ija yobiriwira kumangoyang'ana, Lamulungu kumsika wa nsomba komwe umagula wekha nkukapereka akuphikire pompo. Nditabwerako chaka chonse ndimangokamba za Maputo mpaka abale anga anatopa nane. Ndiye ndinabwereradi patatha zaka zitatu. Mzinda unali womwewo, wokongolabe, koma atsikana awiri a ku Beira omwe ndimagona nawo chipinda chimodzi ku hositelo kunalibe, mayi wa badjia uja sindinamupezenso, ndinakhala pakona pomwepo misozi ili mmaso. Sindikuti musapite ayi, pitani, koma dziwani kuti china chomwe mukusowacho ndi dala wa pakhonde uja, komanso masiku aja omwe munalibe alamu kapena bwana okufunsani lipoti.

Gogo_wa_ku_Linga:
Mwana wanga, kodi mudalowa mu tchalitchi cha Anglican chija cha ku Mkunazini? Ngati simudalowe ndiye muli ndi chifukwa chenicheni chobwererera. Chidamangidwa pamalo pomwe padali msika wa akapolo omwe udatsekedwa mu 1873. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, komwe a Jumbe ankasonkhanitsa anthu nkuwawolotsa nyanja pa madau, kenako wapansi ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa kugombe la Tanzania, ndipo ambiri a iwo ankathera ku Zanzibar komweko. Nditatsikira mtizipinda tiwiri tapansi tija, denga lake lofupika moti munthu wamtali amawerama, timawindo ngati ming'alu, mawondo adandilobodoka. Panja pali dzenje muli ziboliboli za anthu omangidwa unyolo mkhosi. Mkati mwa tchalitchimo mulinso kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo womwe adakwirirapo mtima wa Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Ndidakhala pabenchi nthawi yaitali osayankhula. Mzinda umenewo ine ndimaukonda komanso umandipweteka, zonse pamodzi, ndipo papita zaka zambiri koma sudandichokebe.

Kabaza265:
Aise kwa ine zinachepa patatha miyezi ngati inayi, sizitheratu koma zimasiya kuwawa. Chomwe chinandithandiza ndi zokometsera zomwe ndinagula pamsika wa Darajani, karafuu (cloves), hiliki (cardamom) ndi mdalasini (cinnamon), ndimathira mu tiyi Loweruka mmawa nyumba yonse kununkhira kuja. Zikatha mumazipeza mmashopu a amwenye ku Area 2 kapena ku Limbe. Komanso osamangokhala mnyumba kuonera zithunzi pafoni, kwerani basi ya ku Nkhata Bay weekend ina mukakhale mphepete mwa madzi dzuwa likamalowa.

Chikwama_Kumsana:
Zikomo nonse. Amayi mwalasa penipeni, nambala ya dala uja sindinatenge, dzina lomwe ndimadziwa ndi loti aliyense amangowatchula Mzee, ndipo zimenezi ndi zomwe zikundiwawa kwambiri. Agogo, tchalitchicho ndimachidutsa tsiku lililonse popita ku Darajani, nsanja yake ndimaiona koma sindinalowe, ndimati mawa mawa mpaka tsiku la boti linakwana. Za Nkhotakota sindimadziwa kuti zikukhudzana choncho. Ndayamba kale kuika pambali kangachepe mwezi uliwonse, ulendo uno ndidzera msewu wa kunyanja ndiyambe ndaima kwanuko, mundiuze malo oti ndikaone ndisanapitirire ku Songwe.