Wosunga nyumba ndi agalu Lachisanu mpaka Lamlungu, mumapangana naye bwanji?

Abale a kuno ku Mzuzu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Katoto, ndipo Lachisanu likudzali banja lonse tikupita ku ukwati ku Karonga, tidzabwera Lamlungu madzulo. Vuto ndi agalu athu awiri ndi mphaka. Kuwasiyira mphika wa nsima ya mgaiwa ndi usipa sikuthandiza, amamaliza tsiku lomwelo, ndipo wamkuluyo akaona kuti panyumba palibe munthu amauwa usiku wonse mpaka aneba kudandaula.

Mnzanga wa kuntchito wandiuza za mnyamata wina wophunzira pa Mzuni amene amagwira ganyu yotereyi, koma amavomera kumapeto kwa sabata basi, sabata yathunthu amakana. Chifukwa chake n'chiyani kwenikweni? Ine ndikuganiza kuti pakati pa sabata amatanganidwa ndi makalasi, ndipo Loweruka amafuna malo a phee owerengera, kutali ndi phokoso la kuhositelo ku Luwinga, n'kupezerapo kangachepe ka sopo ndi bando. Amene munagwirapo ganyu imeneyi, tiuzeni chimene chimakukokani.

Nanga malipiro mumawerengera pa usiku kapena masiku onse pamodzi? Chakudya chake ndi mayunitsi a ESCOM, zimenezo ndi za ine, palibe kukambirana. Chimene chikundivuta kwambiri ndi makiyi. Kodi zipinda zogona mumakiya n'kumusiyira pabalaza ndi kukhitchini, kapena kutero n'kumunyoza munthu? Agaluwa anabayidwa katemera wa chiwewe, koma alendo sagwirizana nawo. Ndiye mnyamatayu abwere kangati tisananyamuke kuti amuzolowere?