Wodwala samva Chingerezi, womasulira akuchedwa: mumatani ku A&E (kolandirira odwala mwadzidzidzi m'zipatala za ku UK)?

Nabanda (Leeds): Anamwino anzanga, ndithandizeni nzeru. Usiku wathawu tinalandira bambo wa ku Eritrea atagwira pachifuwa, thukuta kamukamu, Chingerezi osamva olo pang'ono. Womasulira wa pa foni tinamudikira mpaka kutopa. Zikatere inu mumatani?

A Phiri (Birmingham): Chemwali, Tigrinya, chilankhulo chimene ambiri ku Eritrea amalankhula, ilimo mu Google Translate kuyambira 2022. Pa mafunso oyambirira imathandiza ndithu: pakupweteka ndi pati, zayamba liti, alipo mankhwala amene amakuwengani? Funso limodzi pa nthawi, lalifupi. Mukatero bwezeraninso zomwe yamasulirazo ku Chingerezi muone ngati sizinapotoke.

Mayi Nkhoma (London): Koma yambani mwadziwa chilankhulo chake chenicheni. Kuno ku Tower Hamlets ambiri ochokera ku Bangladesh amalankhula Sylheti, ndiye mukawaikira Bengali agogo ena amangogwedeza mutu mwaulemu, pomwe amva theka. Chikurdi nachonso chili ndi mitundu ingapo, ikuluikulu ndi Sorani ndi Kurmanji. Komanso si onse amawerenga. Ine ndimawasonyeza pepala la nkhope zija, kuyambira yomwetulira mpaka yolira, aloze okha ululu pomwe wafika.

A Phiri: Zoona amayi. Chinanso, dzina la wodwala, tsiku lobadwa ndi nambala ya NHS (nambala ya wodwala m'zipatala za boma kuno) osazilemba mu foni yanu, kaya ndi ChatGPT kaya chani. PIN, nambala ya chilolezo chathu cha unamwino, tinaivutikira ija isapite chifukwa cha zimenezi. Funsani a manijala a wodi yanu, zipatala zina zimakaniziratu ma app amenewa.

Nabanda: Nanga mwana wake akakhalapo? Dzulo panali kamtsikana kolankhula Chingerezi bwinobwino.

Mayi Nkhoma: Mwana ayi, mwanawe. Angauze bwanji bambo ake kuti mtima wawo wavulala? Mwamuna womasulira mkazi wake nayenso ndimachenjera naye, makamaka mkaziyo akabwera ndi mabala osamveka bwino chiyambi chake. Pamenepo ndimamupempha adikire panja. Ndipo zosainira opaleshoni, kamwedwe ka mankhwala potuluka, ndi uthenga woipa, zimenezo n'za womasulira weniweni basi, ngakhale achedwe.

A Phiri: Mulembenso mu fayilo kuti munagwiritsa ntchito app nthawi yakuti, ndipo womasulira munamuitanitsa nthawi yakuti. Akalowa pa foni, abwerezenso funso la mankhwala owenga lija.

Nabanda: Zikomo nonse. Mayi Nkhoma, pepala la nkhopelo mundijambulire, ndili pa naiti mpaka Lachisanu.