Tayala lakumbuyo likumalumpha ndikatsitsa giya, ndikulakwitsa pati?

Kanyimbi250:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndayendetsa njinga yamoto miyezi 8 tsopano. Ndi ya 250cc, silinda imodzi, magiya asanu, ya kabuleta. Kukweza magiya ndilibe nako vuto. Vuto ndi kutsitsa. Ndikachoka pa giya 4 kupita pa 3 zimakhalako bwino, koma pa 3 kupita pa 2 njinga imagwedezeka ngati wina wandikoka malaya kumbuyo, mutu kupita kutsogolo, tcheni nkulira kuti kwa!

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kugwa. Kunagwa kamvula, ndikutsika mtunda, kutsogolo kuli kona. Ndinagwira klatchi, kuponda giya kawiri kuchoka pa 4 kufika pa 2, nkusiya klatchi nthawi imodzi. Tayala lakumbuyo linalira nkutsetserekera kumanzere. Zinangochitika mwamwayi kuti linagwiranso pansi ndisanafike pakona. Ndinaima pambali kwa mphindi zingapo miyendo ikunjenjemera.

Alamu anga, amene ayendetsa njinga zaka zambiri, anangoti "uzipereka moto pang'ono usanasiye klatchi." Kufotokoza osafotokoza, iwo ndi aja amati ukafunsa kawiri ndiye kuti sukumva. Tsono mutu wanga ukukana. Ndikufuna kuchepetsa liwiro, nanga moto ndikuperekeranji? Ndayesa dzulo pamsewu wopanda magalimoto, njinga inangodumphira kutsogolo, ndipo zala zanga zinafinya buleki mosafuna pamene dzanja limapotokola moto. Kodi zimenezi nzofunikadi, kapena nza anyamata ofuna kumveketsa phokoso?

MbiyaZodooka:

Achimwene, alamu anuwo akunena zoona, kungoti sanakuuzeni chifukwa chake.

Pa liwiro limodzi lomwelo, giya yotsika imafuna kuti injini izizungulira mwachangu kuposa giya yokwera. Tiyerekeze ndi manambala, si a njinga yanu ayi koma akufanana ndi mmene njinga zambiri zilili. Giya 3 ikhale 1.4, giya 2 ikhale 1.9. Mukuyenda pa giya 3 injini ili pa 4,000 rpm, kutanthauza kuti ikuzungulira maulendo 4,000 pa mphindi. Mukalowa giya 2 liwiro lisanatsike, injini ikuyenera kukhala pa 4,000 kuchulukitsa ndi 1.9 kugawa ndi 1.4, zomwe zikupereka pafupifupi 5,400. Tsono onani zomwe inu mukuchita. Mwatseka moto, mwagwira klatchi, injini yamasuka ndipo yayamba kugwa, mwina yafika pa 2,000. Mukasiya klatchi, ndani akweze injini kuchoka pa 2,000 kufika pa 5,400? Ndi tayala lakumbuyo, kudzera pa tcheni. Kugwedezeka mukumvako ndi tayala likukoka injini mokakamiza. Ngati pansi pali pouma, tayala limapambana, inu mumangomva kugunda. Ngati pali ponyowa, injini ndiyo imapambana, tayala limachedwa kuposa msewu nkutsetsereka. Ndipo pamene mukugwira buleki ya kutsogolo kulemera konse kumapita kutsogolo, lakumbuyo limapepuka, ndiye silichedwa kutaya msewu.

Moto umene akunenawo si woyendetsera njinga. Mumaupereka klatchi ili yogwira, ndiye sufika ku tayala. Ntchito yake ndi kukweza injini yokha kuti ikakumane ndi tayala pa liwiro limodzi. Ngati dzulo njinga inadumpha, ndiye kuti mwina munapereka wambiri, kapena munasiya klatchi moto mukadaugwirabe. Kamoto kake nkakafupi, kungoti vuu nkubweza dzanja. Gwirani klatchi, vuu pamodzi ndi kuponda giya, siyani klatchi injini isanagwenso. Mukachedwa ndi theka la sekondi mwataya zonse.

Mwaona kuti 4 kupita pa 3 sikuvuta kwambiri? Magiya apamwamba amakhala oyandikana, apansi otalikirana. Yambani kuphunzira ndi 5 kupita pa 4, buleki osaigwira nkomwe, msewu wowongoka. Buleki mudzaiphatikiza mtsogolo.

Gogo_wa_Tcheni:

Ine ndatha zaka zoposa 20 pa njinga ndipo ndikuuzeni mwana wanga, tsiku lamvula lija vuto silinali moto. Vuto linali kuponda magiya awiri nkutaya klatchi ngati yakuotchani. Mukanachepetsa liwiro ndi mabuleki kaye, nkutsitsa giya imodzi, nkusiya klatchi pang'onopang'ono, nkutsitsanso ina, bwenzi mulibe nkhani yotilembera. Klatchi ya njinga zambiri imakhala m'mafuta a injini, imapirira kuisiya mwapang'onopang'ono. Siitha lero kapena mawa chifukwa cha zimenezo.

Sindikutsutsa zomwe anena a MbiyaZodooka, masamu awo ndi olondola, ndipo inenso kamotoko ndimapereka osaganiza nkomwe. Koma munthu wa miyezi 8 amene zala zake zikufinya buleki mosafuna, ine ndimaopa. Buleki ya kutsogolo mukaifinya modzidzimutsa pamsewu wonyowa mugwa msanga kuposa mmene tayala lakumbuyo lingakugwetsereni. Mwana wa mng'ono wanga anathyoka kafupa ka paphewa akuyesa zomwezi pofika pamphambano, maso ali pa geji m'malo moyang'ana msewu.

Choimitsira njinga ndi mabuleki. Magiya mumatsitsa kuti mukamatuluka pakona mukhale pa giya yoyenera. Ndipo zonsezi muzimaliza njinga ili chilili, musanaipendeke.

Sipanala10:

Ndine makaniko, ndiwonjezereko za kumbali yanga.

Choyamba chimene anthu ambiri sadziwa: chija chimaletsa injini kupitirira malire, rev limiter, chimagwira ntchito podula moto wa pulagi kapena mafuta. Chimakutetezani mukamapotokola moto. Mukatsitsa giya pa liwiro lalikulu sichingachite kanthu, chifukwa pamenepo akuzunguza injini ndi tayala, osati mafuta. Ndatsegulapo injini ya munthu amene analowa giya 2 akuthamanga liwiro la giya 4, mavavu awiri atapindika atagundana ndi pisitoni. Kupereka moto sikungakupulumutseni pamenepo. Ngati liwiro ndi lalikulu kuposa giyayo, musalowemo, basi.

Chachiwiri, musanadziimbe mlandu onani njinga. Chogwirira moto chikhale ndi kampata kochepa kasanayambe kukoka waya, njinga zambiri mamilimita 2 mpaka 6, onani buku la njinga yanu. Kampatako kakakula, kamoto kanu kamathera m'malere. Tcheni yolendewera imakulitsa kugunda kuja. Komanso ya kabuleta, makamaka ikadali yozizira, imachedwa kuyankha, ndiye muziyesa injini itatentha.

Silinda imodzi ngati yanuyo, komanso ma V-twin akuluakulu (injini za masilinda awiri oikidwa ngati V), amakoka kumbuyo mwamphamvu mukatseka moto. Ma two-stroke (injini zimene mafuta amaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikakwera) sakoka choncho, nchifukwa chake amene anaphunzirira pa amenewo amadabwa akakwera zina. Njinga zambiri zatsopano, monga Kawasaki Ninja 400, zimabwera ndi slipper clutch, yomwe imamasuka pang'ono yokha tayala likayamba kukankha injini. Zina zodula zomwe moto wake umayendetsedwa ndi kompyuta zimapereka zokha kamotoko mukangoponda giya. Yanuyo ilibe zonsezi, ndiye dzanja lanu ndi lomwe lichite ntchitoyo.

Za buleki: zala ziwiri pa buleki, chamkombaphala ndi chapakati, zinazo ndi chala chachikulu zigwire chogwirira. Popereka moto muzigubuduza chikhatho, zala za pa buleki zizitsetsereka pamwamba pa chitsulo osati kukokeka nacho. Yesani njinga itaima, injini yozima.

Kanyimbi250:

Zikomo nonse. Agogo, mwandigwira pamene pali chilonda, ndinapondadi kawiri chifukwa cha mantha, kona inandifikira msanga kuposa mmene ndimaganizira.

A Sipanala10, ndinayeza kampata kaja, kanali pafupifupi sentimita yathunthu. Ndamangitsa waya, ndakungitsanso tcheni. Kusiyana kwake ndinakumva pa giya yoyamba yomwe. Masiku atatu apitawa ndakhala ndikuyesa 5 kupita pa 4 ndi 4 kupita pa 3, opanda buleki, monga ananenera a MbiyaZodooka. Pa maulendo khumi mwina anayi amatuluka bwino. Ikatuluka bwino simumva chilichonse, phokoso la injini lokha ndi lomwe limasintha, mpaka koyamba ndinkaganiza kuti giya sinalowe. Enawo ndimapereka moto wochepa, ndi manyazi a phokoso ndithu, ndimaona ngati anthu azinena kuti ndikudzionetsera. Ndaonanso kuti ndikamayang'ana geji ndimalakwitsa kwambiri kuposa ndikamangomvetsera ndi khutu.

Pa 3 kupita pa 2 ndikadasiyabe klatchi mwapang'onopang'ono, ndipo buleki ndi moto pamodzi ndikuyesera pakhomo injini yozima. Funso lina: nanga pa 2 kupita pa 1, mumaperekanso moto? Ndinayesa kamodzi ndinagwera pa nyutulo, injini nkukuwa anthu onse kutembenuka.

MbiyaZodooka:

Giya 1 isiyeni. Mpata wa pakati pa 2 ndi 1 ndi waukulu kuposa yonse, ndipo nyutulo ili pakati pomwepo, mukaponda mofooka mugweramo. Ine ndimalowa 1 njinga ikatsala pang'ono kuima, klatchi ili yogwira, ndipo ndimaponda motsimikiza mpaka ndimve kuti yalowa.