Ngongole ndi dzina labwino ku Joni: zapagulu la ana a ku Angonia

Yohane, Germiston: Odi akuluakulu. Pemiti ndili nayo, malipiro amalowa ku banki mwezi ndi mwezi, koma foni ya kontilakiti andikaniza. Akuti kompyuta sikundidziwa. Chibwerereni kuno sindinakongolepo kwa munthu, ndiye chalakwika n'chiyani?

Bambo a Tadala, Rustenburg: Chalakwika n'chomwecho mphwanga, sunakongolepo. Kwathu munthu wosakongola timamutama, kuno amamukayikira chifukwa palibe umboni woti akakongola amabweza. Pali makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga TransUnion, Experian ndi XDS. Mabanki ndi masitolo okongoza amatumiza kumeneko mwezi uliwonse kuti uyu walipira, uyu wachedwa mwezi umodzi, uyu miyezi itatu. Credit score, nambala yosonyeza mmene umabwezera ngongole, imachokera pamenepo. Ya TransUnion imayambira pa 0 kulekezera 999. Iwe tsamba lako mulibe kanthu, ndiye awerengera chiyani?

Yohane, Germiston: Komatu ndimatumiza ndalama ku Domwe pa Mukuru osaphonya, lendinso sindichedwa.

Mayi a Chisomo, Pretoria: Zimenezo sizilowako achimwene. Kutumiza ndalama si ngongole. Lendi ya kachipinda kakuseri yopereka pamanja sailemba paliponse, chipereganyu chathu chija chimodzimodzi, lay-by nayonso ayi chifukwa katundu mumatenga mutamaliza kulipira. Ambirife tinayambira pa akaunti ya sitolo ya zovala. Koma musanapereke pasipoti, funsani kaye pakamwa ngati amalandira pasipoti ndi pemiti, poti ena amafuna ID ya konkuno basi. Akangokufufuzani pa kompyuta zimalembedwa ndipo zimakhala chaka chathunthu. Mukazungulira masitolo asanu Loweruka limodzi mumaoneka ngati munthu amene zamuthina.

Akakutsegulirani, musasesere malire onse amene akupatsani. Ine ndimatenga nsapato za sukulu ndi juzi, basi. Uthenga ukabwera pa foni wonena ndalama yochepetsetsa yoti ndilipire, ndimawonjezerapo pang'ono ndipo ndimalipira tsiku lisanakwane. Kalisiti ka pa till ndimakajambula pompo ndisanatuluke, chifukwa timapepala timeneti tikakhala m'chikwama miyezi iwiri inki yonse imafufutika.

Bambo a Tadala, Rustenburg: Ndiwonjezere za debit order, ija wokongoza amadula yekha ndalama mu akaunti yako ya ku banki. Uwauze azidula tsiku lotsatira malipiro, osati kumapeto kwenikweni. Anyamata ambiri malipiro akalowa pa 25 amatumiza zonse kumudzi za feteleza wa mbatata, akaunti n'kutsala mbee. Debit ikabwerera, banki imakudula chindapusa, wokongoza nayenso amalemba kuti waphonya. Mbiri ya kalipiridwe imasungidwa mpaka zaka 5.

A Phiri, Ulongwe: Ine ndinabwerako, ndili pano ndi kagolosale, koma ziwiri izi muzimve. Choyamba, ife alendo dzina lathu limayenda pa nambala ya pasipoti. Pasipoti ikatha n'kupangitsa ina, nambala imasintha. Tengani zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, mupite nazo ku banki ndi kulikonse muli ndi akaunti akasinthe. Mukapanda kutero mbiri ya zaka zonse ikhoza kutsalira pa pasipoti yakufa, inu n'kuyambiranso ngati wobwera dzulo.

Chachiwiri, score ya ku Joni siwoloka malire. Mukadzafuna ngongole ya chigayo kapena ya malata kuno, banki idzafuna BI (chiphaso cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho), idzayang'ana ku Central de Registo de Crédito ya Banco de Moçambique ngati muli ndi ngongole kwina, kenaka idzaona mmene ndalama zakhala zikuyendera mu akaunti yanu ya kuno. Ndiye ngati zonse mumatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola ya madamu, pa dzina lanu sipaoneka kanthu. Zina zizilowa mu akaunti yanuyanu ya mametikali, ngakhale pang'onopang'ono.

Nabanda, Kempton Park: A Phiri mwayankhula. Koma chimene chapha mayina a anthu ambiri pagulu pano si pasipoti ayi, ndi achibale. Munthu alibe mapepala, akuti alamu nditengereni fuliji pa dzina lanu ndizikupatsani mwezi ndi mwezi. Miyezi iwiri apereka bwinobwino. Disembala akweza fuliji ija pa ngolo ya basi ulendo wa ku Tsangano, foni osayankhanso. Sitolo sidziwa mlamu, idziwa amene anasaina.

Mjomba Jere, Durban: Aaa, mayi, chibale n'fupa sichiwola. Tonsefe tinafika kuno pogwiridwa dzanja ndi wina. Tiyambe kukanizana lero?

Nabanda, Kempton Park: Fupalo sililipira sitolo, malume. Kuthandiza sindinakane. Ngati muli nayo, mpatseni ndalama imene mungapirire itapanda kubwerera, kapena mumuperekeze akayike lay-by pa dzina lake. Koma siginecha yanu ayi.

Mjomba Jere, Durban: Chabwino. Nanga izi ndinamva zoti ngongole ikatha zaka 3 imafa yokha? Ndiye munthu akhoza kungokhala phee kumudzi, kulima, n'kudzabwera itafa.

Bambo a Tadala, Rustenburg: Lamulolo lilipodi a Jere, koma lili ndi minga. Imafa ngati pa zaka 3 zonsezo simunalipireko ngakhale randi imodzi, simunavomere kuti ngongoleyo ndi yanu, ndipo sanakutulutsireni samani. Akathamangira kukhoti n'kupeza chigamulo, ngongoleyo imakhala yamoyo zaka 30, ndipo pa mbiri yanu chigamulocho chimaoneka zaka 5 ngati simunalipire. Kalata yochenjeza, ija amati section 129, amatumiza ku adiresi imene munalembetsa, inu muli kumunda ku Angonia osadziwa kanthu. Amene mukupita kukadzala n'kudzabwera Febuluwale, lipirirani miyeziyo musananyamuke, kapena siyani ndalama yokwanira mu akaunti.

Mayi a Chisomo, Pretoria: Komanso muziona lipoti lanu. Lamulo la National Credit Act la 2005 limalola aliyense kutenga lipoti laulere kamodzi pachaka ku kampani iliyonse yosunga mbiri. Mukapezamo akaunti yosaidziwa kapena ngongole yoti munamaliza, dandaulani komweko, ali ndi masiku 20 ogwira ntchito oti afufuze, ndipo simulipira kanthu. Awa a pa Facebook oti tumizani ndalama tikuchapireni dzina ndi akuba. Cholembedwa moona palibe angachifufute.

Nabanda, Kempton Park: Za katapila musaiwale. Mashonisa, wakatapila wosalembetsa ku National Credit Regulator, bungwe loyang'anira okongoza ndalama, mungamubweze mokhulupirika chotani, score siikwera. Ndipo kukusungirani khadi la ku banki kapena pasipoti ngati chikole n'koletsedwa ndi lamulo, kungoti anthu amaopa kukanena.

Yohane, Germiston: Zikomo akuluakulu, zamveka. Mayi a Chisomo, popita ku sitoloko ndinyamule chiyani?

Mayi a Chisomo, Pretoria: Pasipoti, pemiti yoti idakali ndi miyezi yambiri, mapepala a malipiro kapena sitetimenti ya banki ya miyezi itatu, ndi umboni wa kumene mukukhala. Ngati alandilodi alibe pepala la lendi, apite nanu ku polisi akalumbire kuti mumakhala pawo, chidindo chake n'chaulere. Dzina lilembedwe monga liliri mu pasipoti, João akhale João, osati Yohane.