Tsiku lotsekera layandikira: makolo ndiwaonetse chiyani kupatula nambala?

Anambewe (Sitandade 3, Bembeke):
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Teremu yachitatu ikutha ndipo ahedi andipatsa ntchito yokonza za tsiku lotsekera ku makalasi a m'munsi. Chaka ndi chaka timachita chimodzimodzi: tiitana nambala 1, 2 ndi 3, tiwapatsa kope ndi cholembera, amayi aimba nthungululu, basi tabalalika. M'kalasi mwanga muli ana 128. Ndiye kuti ana 125 amabwerera kwawo ngati chaka chonse amangobwera kudzamwa phala.

Amene akundisowetsa tulo ndi mtsikana wina wobwereza kalasi. Mu Seputembala sankatha kusiyanitsa b ndi d. Lero akuwerenga ndime yathunthu, ngakhale "nkhwangwa" ndi "mphwayi" akutchula osadodoma. Koma pa mayeso wakhala nambala 71. Agogo ake akamva 71 anena kuti mwana alibe mutu, bola azikathandiza kukumba kachewere. Nditani kuti agogowa aone chimene ine ndaona?

Aphiri (Sitandade 8, Lizulu):
Madamu, ndakumvani, koma nambala musazichotse ayi. Makolo akudziwa kuti kutsogoloku kuli mayeso a MANEB, ndipo kuti mwana apite ku sekondale yogonera kapena yoyendera (CDSS) zimatengera mmene wakhozera poyerekeza ndi anzake. Mukabisa nambala aganiza kuti pali chimene mukuphimba. Atatu oyambirirawo anakhetsa thukuta, mphatso yawo iwapeze. Inu onjezerani zina pamwamba pake.

Anangozo (Sitandade 2, Tsangano):
Aphiri anena zoona, koma vuto la Anambewe ndi lina. Nambala imayerekeza mwana ndi anzake, pamene iwo akufuna kumuyerekeza ndi mmene analiri yekha. Ine ndimachita chonchi. Sabata yachiwiri ya Seputembala mwana aliyense amalemba dzina lake ndi mawu asanu amene ndamutchulira pa kapepala. Timapepalato ndimatisunga m'katoni ya sopo, ndikuikulunga m'thumba la feteleza, ndikukaika kunyumba kwanga chifukwa kalasi yathu ilibe chitseko, chiswe ndi mbuzi sizinyengerera. Mu Julaye alembanso mawu omwewo, kuonjezerapo ziganizo ziwiri zawozawo. Tsiku lotsekera ndimamata mapepala awiriwo moyandikana. Kholo ngakhale silinapite kusukulu limaona lokha kuti kuno kunali zokhwatchakhwatcha, uku kuli malembo oima pamzere. Bambo wina chaka chatha anakana kundibwezera, anapinda mapepalawo n'kuika m'thumba la jekete.

Pa kuwerenga, kuyambira pamene pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga ya NRP inafika mu 2016 ndinazolowera kumupatsa mwana kankhani kafupi, n'kuwerenga mawu amene watchula molondola pa mphindi imodzi. Ndimalemba chiwerengerocho teremu iliyonse. Kuchoka pa mawu 3 kufika pa 24 ndi chinthu choti munthu angauze agogo iwo n'kumva.

Anambewe:
Mayo ine, za Seputembalazo sindinasunge. Ndili ndi buku la kuyesa kwa tsiku ndi tsiku lokha, lodzaza ndi zochonga.

Anangozo:
Musadandaule amayi. Uzani atsogoleri a magulu akutolerereni makope akale a teremu yoyamba. Ambiri anatha kale, ena anayatsira moto, ena abambo anapichirira fodya, koma mupezako ndithu. Amene alibe, gwiritsani ntchito zochonga zanuzo: "Mu Okutobala ankadziwa malembo 9, lero akuwadziwa onse." Chaka chamawa mudzayambe msanga.

Achisale (mphunzitsi wamkulu, Kasinje):
Ndiloleni ndiikepo mawu monga munthu amene anayamba kugwira choko maphunziro aulere atangoyamba mu 1994. Kuchokera nthawi imeneyo makalasi odzaza sanatichokere, ndiye chilichonse chimene mungakonze chiyenera kutheka ndi ana oposa 100.

Chenjezo langa ndi ili: mtsikanayo musamuimiritse pakati pa bwalo kuti awerenge pamaso pa mudzi wonse. Ine ndinalakwitsapo zimenezi. Mnyamata amene ankawerenga bwinobwino m'kalasi anangoti kakasi ataona khamu, mawu anamuuma pakhosi, anzake n'kuyamba kuseka. Teremu yotsatira ndinachita kukamutenga kwawo kawiri. Mpaka lero zimandipweteka.

M'malo mwake agaweni ana m'magulu awo a m'kalasi omwe aja, gulu lililonse ndi makolo ake pa malo akeake. Kwanu ku Bembeke mu Julaye kumazizira zedi, ndiye sankhani mbali ya khoma kumene kukuomba dzuwa. Mwana aliyense awerengere kholo lake, osati khamu. Ndipo asangowerenga buku la sukulu, chifukwa agogo ena amati analoweza pamtima. Pemphani kholo litulutse chake: buku la nyimbo la kutchalitchi, risiti, kapena uthenga wa pa foni. Kwathu kuno agogo ambiri ali ndi ana ku Johannesburg, ndipo uthenga ukabwera amayenda nawo kukapempha anthu a pakhomo lina awawerengere, nkhani za ndalama n'kumveka mudzi wonse. Mdzukulu akawawerengera uthenga umenewo, za nambala 71 sadzazitchulanso.

Aphiri:
Pamenepo mwalasa, ahedi. Ine ndingaonjezepo masamu. Konzani kamsika: zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, miyala ikhale milu ya tomato ndi kachewere. Kholo ligule, mwana abweze chenje. Ana athu a m'mbali mwa M1 amene amajomba tsiku la msika pa zimenezi ndi akatswiri, kungoti pa pepala sizioneka.

Anankhoma (Sitandade 4, Mayani):
Nanga mphatso zichokera kuti? Ana 128 si masewera.

Achisale:
Ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, musazikhudze ngati sizinalembedwe mu pulani imene komiti ya sukulu inavomereza, mungadzalowe m'mavuto ndi a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni. Kambiranani ndi a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a Mother Group. Komanso si mphatso yonse yogula kusitolo. Pasukulu pathu amene wakwera kwambiri pa kuwerenga ndiye amaimba belu sabata yoyamba ya teremu, wina amayambitsa nyimbo ya fuko pa asembule. Ana amazilimbirana zimenezi kuposa kope.

Anankhoma:
Ife timatchulanso ntchito zina zimene mayeso sazigwira. Amene anathirira mbande za mitengo mpaka zagwira, amene amasamala mpondagiya kuti pasamasowe madzi ndi phulusa, amene amanyamulira chikwama mnzake wovutika kuyenda. Koma chonde ntchito zimenezi zisagwere atsikana okhaokha. Tinaona kuti pa mndandanda wathu onse otamandidwa pa kusesa ndi kutunga madzi anali atsikana, anyamata ali ku mpira ndi ku ngoma. Tinasintha kagawidwe ka ntchito.

Anangozo:
Pa mphatso ya wosajomba samalani. Mwana wa patrading amene ali ndi juzi ndi nsapato aiwina chaka chilichonse. Wochokera kuseri kwa phiri, wopanda chofunda mu Juni, sangapikisane naye. Ine ndimapereka kwa amene wachepetsa kujomba: teremu yoyamba masiku 20, yachitatu masiku 4. Ndipo zithunzi za ana musaponye pa Facebook makolo asanavomere.

Aphiri:
Chinanso, mayina a obwereza asawerengedwe pabwalo. Kholo liuzidwe palokha polandira lipoti.

Anambewe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi ahedi lero ndipo avomera. Atatu oyambirira alandira mphatso zawo monga mwa nthawi zonse, kenaka tigawikana m'magulu 13, aphunzitsi awiri a Sitandade 1 ndi amayi a Mother Group atithandiza kuyang'anira. Makope akale ndapezako 46, enawo ndilemba kuchokera m'buku langa usiku uno ndi mawa. A PTA alonjeza mapensulo.

Agogo aja alibe foni, ndiye ndinamufunsa mtsikanayo chimene akufuna kudzawawerengera. Wati awalembera kalata yekha. Ndamupatsa pepala, wakhala kumbuyo kwa kalasi nthawi yonse yopuma, phala lake mpaka lazizira. Wangobwera kamodzi kudzandifunsa ngati "ndikuthokoza" ali ndi h.